Virginia pa masiku asanu: Lynchburg kumene Chilembwe anaphunzira, ndi kwina kuti?

WakuChiradzulu

Moni nonse akuluakulu. Mu Okutobala ndidzakhala ku Washington pa msonkhano wa kuntchito, ndipo ukadzatha ndidzatsala ndi masiku asanu ndege isananyamuke pa Dulles. Ndikufuna ndikafike ku Lynchburg, ku sukulu imene abusa John Chilembwe anaphunzira. Pa mapu ndikuona ngati Virginia ili tsidya la mtsinje basi, koma anzanga akuti ndi kutali. Odziwa tandithandizeni: dera limeneli ndi lalikulu bwanji, ndiyende pa chiyani, ndipo china choyenera kuona n'chiyani? Funso lina ndi la fodya. Uja pa mapepala a kumsika amalembedwa kuti Virginia, kwawo ndi komweku? Akulimabe, kapena masiku ano anthu a kumeneko amadyera chiyani? Ndine mayi woyenda ndekha, galimoto ndimayendetsa.

Kalondolondo

Mayi, anzanuwo sakunama, mapunso sakunama. Mukangowoloka mlatho wa pa Potomac kuchokera ku Washington ndiye kuti mwalowa kale m'Virginia. Pentagon (likulu la asilikali a America), manda a asilikali a ku Arlington, bwalo la ndege la Reagan, ngakhale Dulles mukunenayo, zonsezo zili m'Virginia. Koma imeneyo ndi nsonga ya kumpoto chabe. Chigawo chonse ndi masikweya kilomita pafupifupi 110,800, pamene Malawi yense pamodzi ndi nyanja ndi 118,484. Msewu umodzi wokha, I-81, umayenda makilomita opitirira 520 usanatuluke m'chigawochi. Pa kalembera wa 2020 anapeza anthu 8.6 miliyoni, ndipo pafupifupi mmodzi mwa atatu alionse amakhala kumpoto komweko, pafupi ndi Washington. Ndiye pa masiku asanu muyenera kusankha.

Dziko lake limakwera pang'onopang'ono kuchokera kunyanja ya mchere kupita kumadzulo. Kum'mawa ndi chigwa chathyathyathya, cha mchenga ndi madambo, chimene amati Tidewater poti madzi a m'mitsinje yake amakwera ndi kutsika motsatira nyanja. Mitsinje ikuluikulu ilipo inayi, Potomac, Rappahannock, York ndi James, ndipo yonse imathira mu Chesapeake Bay. Mukaitsata kumtunda mumafika pamene mchenga wathera n'kuyamba mwala wolimba, ndipo pamenepo mtsinje uliwonse uli ndi mathithi. Sitima za kale zinkathera pomwepo, monga momwe za pa Shire zinkathera kumunsi kwa Kapichira. Katundu ankatsitsidwa pamenepo, zigayo za madzi zinkamangidwa pamenepo, ndiye mizinda inameranso pamenepo: Richmond pa James, Fredericksburg pa Rappahannock, Petersburg pa Appomattox. Msewu wa I-95 umatsata mzere womwewo.

Kumadzulo kwa mathithi ndi Piedmont, zitunda za dothi lofiira la katondo, kumene kuli Charlottesville, Lynchburg ndi Danville. Kenako mapiri a Blue Ridge, kuseri kwake chigwa cha Shenandoah, ndipo kumapeto kwenikweni kumwera chakumadzulo kuli mapiri a malasha. Phiri lalitali kwambiri ndi Mount Rogers, mamita 1,746. Munthu wokulira pafupi ndi Mulanje sangachite nalo mantha, koma nkhalango yake mu Okutobala ndi ina: masamba amasanduka ofiira, achikasu ndi ofiirira asanayoyoke, ndipo pakati pa mweziwo kupita kumapeto ndi pamene amafika pachimake. Mwagwera nyengo yabwino.

Za mayendedwe. Ngati cholinga ndi Lynchburg yokha, kwerani sitima ya pamtunda ya Amtrak pa Union Station ku Washington, mukatsikire pa Kemper Street. Ndi maola atatu ndi theka kapena anayi, koma sitima zake ndi ziwiri kapena zitatu basi patsiku, ndipo tikiti imakwera mtengo tsiku likamayandikira. Vuto lake ndi lakuti mukafika mwamangika miyendo. Ku Appomattox kapena kumapiri kulibe minibasi yoimika ndi dzanja. Pa galimoto ndi makilomita pafupifupi 290 kudzera msewu wa US 29.

Ndi galimoto yobwereka, ine ndikanati muyambire I-66 mpaka Front Royal, mulowe msewu wa Skyline Drive umene umayenda pamsana pa mapiri m'nkhalango yotetezedwa ya Shenandoah. Msewu wonse ndi makilomita 169, liwiro lololedwa ndi mamailosi 35 pa ola, ndiye kuumaliza osaima ndi maola atatu. Musaumirire kuumaliza: zipata zilipo zinayi, Front Royal, Thornton Gap, Swift Run Gap ndi Rockfish Gap, ndipo mutha kutulukira pa Swift Run Gap n'kukagona ku Charlottesville. Mafuta mkati mwa nkhalangomo amapezeka pa Big Meadows pokha, choncho lowani thanki ili yodzaza. M'mawa mwake Monticello, nyumba ya Thomas Jefferson, mtsogoleri wachitatu wa America, masana n'kutsika US 29 makilomita pafupifupi 105 kupita ku Lynchburg. Kuchokera pamenepo US 460 imakudutsitsani pa Appomattox ndi Farmville polowera cha ku Richmond, kenako I-64 mpaka Jamestown ndi Hampton, tsiku lomaliza n'kubwerera ku Dulles.

Chenjezo pa foni yolozera njira. M'Virginia mizinda 38 ndi yodziimira payokha, siili pansi pa kaunti iliyonse, pamene makaunti, amene ali ngati maboma, alipo 95. Mayina ena ndi ofanana koma malo ake ndi osiyana. Mzinda wa Richmond suli mu Richmond County, imeneyo ili kwina cha ku Rappahannock. Franklin County ili kumapiri, mzinda wa Franklin uli kuchigwa kum'mawa. Muzilemba adiresi yonse ndi nambala yake ya positi, osati dzina lokha.

Mphunzitsi Wopuma

Mayi a ku Chiradzulu, njira imene a Kalondolondo apereka ilibe vuto, koma ine ndikanaitembenuza. Muyambire kunyanja, muthere kumapiri. Zimene Chilembwe anapeza atafika mu 1897 sizingamveke bwino munthu asanaone kumene zinayambira.

Angerezi 104 anafika ku Jamestown mu Meyi 1607, otumidwa ndi kampani ya malonda ya ku London kukafuna phindu. Anamanga pamalo a dambo, madzi ake osakanikirana ndi amchere, chifukwa ankaopa kwambiri sitima za ku Spain kuposa matenda. M'nyengo yozizira ya 1609 mpaka 1610 njala inatsala pang'ono kuwamaliza, anatsala pafupifupi 60. Golide sanamupeze. Chinawaimika ndi fodya amene John Rolfe anayamba kulima mu 1612, mbewu yochokera ku West Indies, yosawawa pakhosi ngati ya eni dziko. Tsono alimi a fodya pano adziwa kuti mbewuyi imagugitsa nthaka: zaka zitatu kapena zinayi, munda watha. Ndiye chaka ndi chaka pankafunika malo atsopano, amene ankalandidwa kwa anthu a mfumu Powhatan, komanso manja ambiri. Eni dziko anabwezera mu 1622 n'kupha atsamunda 347, koma mapeto ake anatha mphamvu ndi iwo.

Manjawo ndi awa. Kumapeto kwa Ogasiti 1619 sitima yotchedwa White Lion inakocheza pa Point Comfort ndi anthu a ku Africa opitirira pang'ono 20, ochokera m'dera la Angola. Anawalanda panyanja m'sitima ya Apwitikizi imene inkachokera ku Luanda kupita ku Veracruz, ndipo pa Point Comfort anawasinthanitsa ndi zakudya. Patangotsala mwezi umodzi kuti zimenezi zichitike, nyumba ya malamulo yoyamba ya anthu osankhidwa inali itakumana ku Jamestown. Ziwirizi zinakulira limodzi, ndipo nyumba yomweyo ndi imene mu 1662 inakhazikitsa lamulo lakuti mwana wobadwa kwa mayi kapolo nayenso ndi kapolo, ngakhale bambo ake atakhala mwini munda. Pofika 1860 m'Virginia munali akapolo pafupifupi 490,000, kuposa chigawo china chilichonse. Nthaka itaguga, eni minda ambiri anayamba kupeza ndalama pogulitsa anthu ku minda ya thonje ya kumwera, ndipo msika waukulu unali ku Shockoe Bottom mu Richmond. Pa atsogoleri asanu oyambirira a America, anayi anali a ku Virginia, Washington, Jefferson, Madison ndi Monroe, ndipo onse anali ndi akapolo. Jefferson, amene analemba kuti anthu onse analengedwa ofanana, anakhala ndi akapolo opitirira 600 pa moyo wake. Ku Monticello gulani tikiti pa intaneti pasadakhale, imakhala ndi ola lake lolowera, ndipo musangoona m'nyumba mokha. Tsatani wofotokoza amene amayendetsa anthu pa Mulberry Row, mzere wa tinyumba ndi mashedi a akapolo m'mbali mwa dimba.

Ku Jamestown alendo amasokonezeka chifukwa malo ndi awiri ndipo matikiti ndi osiyana. Historic Jamestowne ndi malo enieniwo, kumene akatswiri akukumbabe maziko a linga la 1607. Jamestown Settlement ndi nyumba yosungiramo zakale yomangidwa pambali, ili ndi sitima zitatu zofanizira ndi anthu ovala za makedzana. Kwa munthu wa nthawi yochepa ndinganene woyambawo. Point Comfort lero ndi Fort Monroe, mu mzinda wa Hampton. Pamalo omwewo, mu Meyi 1861, nkhondo yapachiweniweni pakati pa zigawo za kumpoto ndi za kumwera itangoyamba, akapolo atatu anathawira pa bwato kwa asilikali a kumpoto, mkulu wa asilikali Benjamin Butler n'kukana kuwabweza, ndipo miyandamiyanda inatsatira. Hampton University ili pafupi, kumene Booker T. Washington, mphunzitsi ndi mtsogoleri wotchuka wa anthu akuda, anaphunzira kuyambira 1872.

Pa nkhondo yapachiweniweni ya 1861 mpaka 1865 Richmond linali likulu la zigawo zoukira, ndipo makaunti a kumadzulo amene anakana kuukira anapatuka mu 1863 n'kukhala West Virginia. Chimenecho ndi chigawo china, musachisokoneze. Robert E. Lee, mkulu wa asilikali oukira, anagonja kwa Ulysses Grant, mkulu wa asilikali a kumpoto, pa 9 Epulo 1865 ku Appomattox, makilomita osakwana 40 kum'mawa kwa Lynchburg.

Tsono Chilembwe. Anapita ku America ndi Joseph Booth mu 1897, n'kulowa sukulu ya Virginia Theological Seminary and College, imene lero ndi Virginia University of Lynchburg. Chofunika kudziwa ndi mtundu wa sukuluyo. Inamangidwa ndi mipingo ya Baptist ya anthu akuda, anthu amene ambiri mwa iwo anabadwira muukapolo, ndipo mkulu wake nthawi imeneyo, Gregory W. Hayes, anali pa mkangano ndi bungwe la mishoni la azungu a kumpoto limene linkathandiza ndi ndalama. Nkhani inali yakuti sukulu ya anthu akuda aiyendetse ndani. Hayes anasankha kutaya thandizolo kusiyana n'kutaya ulamuliro, ndipo mu 1899 mipingo ya Baptist ya anthu akuda m'Virginia inagawikana pa nkhani yomweyo. Chilembwe anali pomwepo zonsezi zikuchitika. Kunja kwa mpanda wa sukulu, ufulu umene anthu akuda anapeza nkhondo itatha unkalandidwanso: mu 1900 Virginia inalamula kuti m'sitima za pamtunda akuda ndi azungu azikhala mosiyana, ndipo mu 1902 malamulo atsopano anachotsa akuda ambiri m'kaundula wa ovota pogwiritsa ntchito msonkho. Munthu amene anabwerera mu 1900 kukatsegula Providence Industrial Mission ku Mbombwe, mothandizidwa ndi National Baptist Convention, anali ataona ndi maso ake mpingo ndi sukulu zoyendetsedwa ndi akuda okhaokha. Kwa ine phindu la ulendo wanu lagona pamenepo.

Mukafika musasokere. Mu Lynchburg muli Liberty University, yaikulu kwambiri, ya 1971. Mulinso University of Lynchburg, imene kale inali Lynchburg College. Zonsezi si za Chilembwe. Yanu ndi Virginia University of Lynchburg, pa Garfield Avenue, kasukulu kakang'ono kamene woyendetsa takisi angathe kukasokoneza ndi zinazo. Lemberani ofesi yawo musanapite, mupite tsiku la ntchito, ndipo musayembekezere nyumba yosungiramo zakale ya Chilembwe. Nyumba zambiri zimene zilipo zinamangidwa iye atachoka kale. Mumzinda momwemo munakhalanso Ota Benga, munthu wa ku Congo amene anamuonetsa ngati nyama ku Bronx Zoo mu 1906. Anabwera naye ku Lynchburg mu 1910, ankasamalidwa ndi banja la Hayes, ndipo anadzipha mu Malichi 1916.

Pa Farmville imanipo ola limodzi, muone Moton Museum. Inali sukulu ya sekondale ya ana akuda kumene mu 1951 mtsikana wa zaka 16, Barbara Johns, anatsogolera anzake kunyanyala maphunziro chifukwa cha makalasi osalongosoka. Mlandu wawo unaphatikizidwa ndi ina imene inathetsa tsankho m'masukulu mu 1954. Akuluakulu a Prince Edward County anasankha kutseka masukulu onse a boma kuyambira 1959 mpaka 1964 kusiyana n'kusakaniza ana. Patapita zaka 25, mu 1989, Virginia yomweyo inasankha Douglas Wilder, mdzukulu wa akapolo, kukhala bwanamkubwa.

WapaKanengo

Ndiyankhe za fodya ndi chuma, poti akuluwa afotokoza mbiri.

Inde mayi, dzinalo ndi la komweko, koma lero ndi dzina la mtundu wa fodya, osati la kumene walimidwa. Ndi fodya wa m'mabani, woumitsa ndi kutentha kodutsa m'mapaipi utsi osakhudza tsamba, ndiye amatuluka wachikasu ndi shuga wambiri. Wambiri padziko lonse amalimidwa ku China, Brazil, India ndi Zimbabwe. Mu America momwemo North Carolina imalima wochuluka kutali kuposa Virginia. Bale wa m'zigafa, amene Malawi amadziwika naye, kwawo kwenikweni ndi Kentucky ndi Tennessee, ngakhale kumapiri a kumwera chakumadzulo kwa Virginia amalimako pang'ono. Wofanana ndi chikopa, woumitsa ndi utsi, aliponso pakatikati pa chigawochi koma watsala wochepa.

Kumene akulimabe ndi kumwera, kumalire ndi North Carolina: Pittsylvania, Halifax, Mecklenburg, Brunswick. Kuchokera ku Lynchburg mukatsika US 29 kwa ola limodzi cha ku Chatham mwafika, ndipo kumayambiriro kwa Okutobala mungapezebe masamba omaliza a kunsonga akuthyoledwa. Mbande samafesa pa nazale ya pansi. Amafesa m'mathireyi oyandama pa madzi m'nyumba za pulasitiki, n'kuwokera ndi makina kumapeto kwa Epulo ndi mu Meyi. Mabani awo ndi mabokosi achitsulo otenthetsa ndi gasi, osati nkhuni. Kuumitsa kumatenga pafupifupi sabata: amayamba ndi kutentha kochepa, madigiri 35 mpaka 38, kuti tsamba lichite chikasu, kenako n'kumakweza pang'onopang'ono mpaka cha m'ma 70 kuti msempha wa pakati uume. Mukafulumira kukweza tsamba limauma lili lobiriwira, mukachedwa chinyezi chili chambiri limada, ndipo konseko giredi yagwa. Antchito ambiri ndi ochokera ku Mexico, obwera pa chilolezo cha nyengo yaulimi yokha.

Okushoni yogulitsa fodya ataunjikidwa poyera kuti ogula amuone inatchuka kuchokera ku Danville m'zaka za m'ma 1850. Koma kwawoko inatha mphamvu. Cha m'ma 2000 makampani anayamba kugula pa kontirakiti, ndipo mu 2004 boma lalikulu linathetsa dongosolo la makota ndi mtengo wotsikitsitsa limene linalipo kuyambira m'ma 1930, n'kulipira eni makota ndi alimi ndalama pafupifupi madola 10 biliyoni pa zaka khumi. Alimi ang'onoang'ono ambiri analandira n'kusiya. Otsala ndi ochepa, a minda ikuluikulu.

Ulusi wolumikiza kwathu ndi Richmond ulipobe. Universal Corporation, kampani yogula ndi kukonza fodya imene ili ndi gawo lalikulu mu Limbe Leaf, likulu lake lili mu Richmond. Iyo ndudu sipanga. Opanga ndudu ndi Philip Morris USA, ya gulu la Altria, ndipo fakitale yawo mudzaiona m'mbali mwa I-95 kumwera kwa mzindawo.

Koma musaganize kuti Virginia ikudyera fodya. Ngakhale pa ulimi penipeni, chimene chimabweretsa ndalama zambiri ndi nkhuku za nyama, makamaka m'chigwa cha Shenandoah cha ku Harrisonburg, kenako ng'ombe, nkhukundembo ndi soya. Mtedza waukulu maso uja amalima cha ku Suffolk. Gwero lalikulu la chuma ndi boma la America lenilenilo. Kumpoto kuli Pentagon, CIA ku Langley ndi makampani ambirimbiri ogwira ntchito za boma pa kontirakiti. Ku Norfolk kuli doko la sitima zankhondo lalikulu kwambiri padziko lonse, ndipo ku Newport News ndi kokhako kumene America imapangira sitima zonyamula ndege zoyendera mphamvu ya nyukiliya. Kuipa kwake ndi kwakuti andale ku Washington akakanganirana bajeti boma n'kutseka, malipiro amaima ndipo masitolo a ku Fairfax ndi ku Norfolk amamva msanga.

Chatsopano mudzachiona mukangotuluka pa Dulles: zinyumba zazikulu zopanda mawindo, zotchingidwa ndi mpanda, cha ku Ashburn mu Loudoun County. Muli makompyuta osunga zinthu za pa intaneti, ndipo palibe dera lina padziko limene lili ndi nyumba zotere zochuluka chonchi. Zinabwera chifukwa mawaya akuluakulu a intaneti anayamba kukumanirana m'derali m'ma 1990, malo anali otchipa, magetsi odalirika, ndipo chigawo chinachotsa msonkho pa makina ake. Anthu amakonda kunena kuti 70 peresenti ya intaneti yonse imadutsa pamenepo. Musaibwereze imeneyo, ilibe umboni wogwirika. Chenicheni ndi chakuti zimadya magetsi koopsa koma zimalemba anthu ochepa, ndipo mkangano ulipo ndi wakuti mtengo wa mawaya atsopano aulipire ndani.

Ndiye Loudoun ndi Fairfax zili m'gulu la makaunti olemera kwambiri mu America, pamene kwa malasha, Buchanan, Dickenson ndi Wise, anthu akuchepa chaka ndi chaka. Ku Danville fakitale ya nsalu ya Dan River inatseka mu 2006, ku Martinsville za mipando ndi zovala zinapitanso. Pa US 29 mudzaona kusinthako ndi maso mukangodutsa Charlottesville.

WakuChiradzulu

Zikomo kwambiri akuluakulu, ndaphunzira. Ndiye nditsate njira iti, ya a Kalondolondo kapena ya aphunzitsi? Komanso pa galimoto ndisamale chiyani, poti kumeneko amayenda kumanja? Nanga zovala?

Dalaivala wa I-95

Tsatani ya aphunzitsi, mayi, ngakhale chifukwa changa si cha mbiri. I-95 pakati pa Fredericksburg ndi Washington ndi umodzi mwa misewu yothinana kwambiri mu America. Kuchokera ku Hampton kupita ku Dulles ndi makilomita 300 ndi kanthu, foni idzakuuzani maola atatu ndi theka, koma ngozi imodzi yokha amasanduka asanu kapena asanu ndi limodzi. Msewu wotere sauyenda tsiku la ndege. Muuyende tsiku loyamba, mutanyamuka cha m'ma 10 koloko m'mawa anthu atalowa kale ntchito, osati Lachisanu masana. Mukathera kumapiri, kuchokera pa Front Royal kufika pa Dulles ndi ola limodzi ndi pang'ono. Skyline Drive muikonzere tsiku la pakati pa sabata, chifukwa Loweruka ndi Lamulungu mu Okutobala mzere wa pachipata umatalika kwambiri.

Lamulo limene limagwetsa alendo ndi la liwiro. M'Virginia kupitirira malire ndi mamailosi 20 pa ola, kapena kupitirira mamailosi 85 pa ola paliponse, si nkhani ya chindapusa cha pamsewu ayi. Ndi mlandu wa kukhoti, chilango chake chingafike madola 2,500 kapena miyezi 12 kundende, ndipo tsiku la khoti lidzakupezani mutabwerera kale. Mamailosi 85 ndi makilomita 137. Pa I-81 ndi I-64 pamene malire ndi 70, mukangotsatira othamanga mwalowa kale m'mavuto. Samalaninso pa US 29 ndi US 460, malire amatsika mwadzidzidzi polowa m'tauni. Kugwira foni m'manja mukuyendetsa ndi mlandu kuyambira 2021. Basi yachikasu ya ana asukulu ikaima n'kuyatsa nyali zofiira, imani, ngakhale mukuchokera kutsogolo kwake, pokhapokha pakati pa msewu pali chotchinga. Pa loboti yofiira mutha kukhotera kumanja mutaima kaye kotheratu, ngati palibe chikwangwani choletsa. Apolisi akakuimitsani musatuluke m'galimoto, manja akhale pa chiwongolero, ndipo za fanta musayerekeze n'komwe kuzitchula.

Kumanja mudzazolowera msanga pa msewu waukulu. Polakwira ndi potuluka pa filing'i siteshoni kapena pa hotela m'mawa msewu uli zii, dzanja limakubwezerani kumanzere lokha. Kumbukirani kuti woyendetsa azikhala cha ku mzere wa pakati.

Misewu yolipira ilibe munthu wolandira ndalama m'malo ambiri. Mizere yolembedwa Express pa I-95, I-495 ndi I-66 imafuna kachipangizo ka E-ZPass, ndipo mtengo wake umasintha malinga ndi kuchuluka kwa magalimoto. Mukalowa opanda kachipangizoko, kamera imajambula nambala, bilu n'kupita ku kampani yobwereketsa, iwo n'kuwonjezerapo zawo pa khadi lanu. Funsani pa kauntala potenga galimoto, kapena uzani foni kuti ipewe misewu yolipira. Pobwereka amafuna khadi la ngongole la dzina lanu, ndipo inshulansi musaikane ngati mulibe ina yogwira kumeneko. Mafuta amagulitsa pa galoni, malita 3.8, mumadzithirira nokha, ndipo pampu ikakana khadi lakunja lowani mkati mukalipiretu. Mitengo ya m'sitolo imalembedwa yopanda msonkho, pa thilu amawonjezera 5.3 mpaka 7 peresenti malinga ndi dera, ndipo ku lesitilanti yokhala pansi woperekera chakudya amayembekezera 18 mpaka 20 peresenti.

Zovala: masana madigiri 18 mpaka 22 kuchigwa, m'mawa kumapiri pafupi ndi ziro, ndiye juzi ndi jekete yotchinga mphepo. Nyengo ya mikuntho ya kunyanja imatha pa 30 Novembala, choncho onani zanyengo musanapite ku Hampton, poti misewu ya kumeneko ndi ya ku Norfolk imasefukira msanga. Mukayenda m'tchire valani thalauza ndi masokosi, madzulo mudzifufuze nkhupakupa, zimafalitsa matenda a Lyme. Agwape amadumphira pamsewu kukamada, makamaka miyezi imeneyi.

Galimoto mukaibweze pa Dulles kutatsala maola anayi kuti ndege inyamuke, thanki ili yodzaza, chifukwa malo obwezera ali patali ndi polowera ndipo mumadikira basi yawo. Ngati nthawi yatsalako, Udvar-Hazy Center, nyumba ya ndege zakale ya Smithsonian, ili kumwera kwa bwalolo, mphindi 15 pa galimoto. Kulowa ndi ulere, mumangolipira poimika.